Manja Pamawondo

1. Pa siteji

Ulendo womaliza Mzime kuwaona bambo ake ali moyo kunali pa siteji ya basi, Lamlungu masana, iye akubwerera ku koleji.

Bambo akewo anali kalipentala. Tsiku limenelo anamuperekeza atavala malaya a kutchalitchi, koma utuchi unali ukadali m'tsitsi mwawo. Chikwama anakana kumupatsa kuti anyamule yekha. Anachisenza paphewa njira yonse, akupumira m'mwamba, uku akudandaula kuti mabuku a masiku ano akulemera kuposa matabwa.

Basi itadzaza, anaima pawindo n'kugogoda galasi ndi chala. Mzime anatsegula.

"Ukawerenge, bwana," anatero bambo ake. "Ine nyundo yanditopetsa. Ukamaliza udzandipumitse."

"Ndamva, Bambo."

"Ndipo amayi akowa, ine ndikadzatsogola, asadzavutike iwe ulipo. Wamva?"

"Mwayambatu. Mukutsogola kupita kuti inuyo?"

Anaseka onse awiri. Kondakitala anamenya mbali ya basi ndipo inanyamuka. Mzime atacheuka, anawaona akuwoloka msewu, dzanja lili m'mwamba kuimitsa wanjinga ngati iwo ndi apolisi.

Teremu isanathe, foni inalira iye ali m'kalasi. Bambo ake anali atagwa pamalo awo a ntchito, nyundo ili m'manja. Sanadzukenso.

Misozi isanaume bwino, amayi ake anadzuka tsiku lina pakamwa patapindika, mkono wamanja uli lende. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera msanga. Mawu nawonso anabwerera, ngakhale ankatuluka mochedwa. Koma dzanja linakana. Amayiwo anali telala, ndipo dzanja lomwe linavekapo pafupifupi mkazi aliyense wa mumsewu wawo tsopano linkangokhala chofumbata pamiyendo.

Mzime, mwana wawo wotsiriza, analongedza mabuku m'katoni n'kubwera kwawo. Ku koleji sanapitenso. Aliyense womufunsa ankamuyankha liwu limodzi lokha: "Ndinalonjeza."

2. Namwino wa m'nyumba

Kusamba ndi kulowa m'zovala ankawathandiza mayi a nyumba yoyandikana nayo. Zotsala zonse zinali za Mzime.

Ankawamanga mabatani a bulauzi. Ankawaveka nsapato. Ankatakasa tiyi, kudula buledi tizidutswa, n'kuwagwirira kapu mpaka pamilomo. Amayi akangoyang'ana chinthu, iye anali atachinyamula kale. Anthu a mumsewu ankamuloza pouza ana awo kuti, "Mwamuona mwana wa atelala? Kubereka n'kumeneko."

Kuchipatala, mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anali atawalangiza kuti dzanja lodwalalo liziyesa ntchito tsiku lililonse: kutola mabatani, kufinya kampira, kumanga bulauzi. Anati miyezi yoyambirira ndiyo yofunika, chifukwa dzanja likazolowera kugona limauma, ndipo likauma silimvanso.

Atafika kunyumba, amayi anayesa. Batani linawapulumuka, linagubuduzika mpaka pansi pa kabati. Amayi analiyang'ana likupita, kenako anayamba kulira.

Mzime anatseka chitini cha mabatani n'kuchiika pamwamba penipeni pa kabati.

"Zachibwana izi," anatero. "Munthu wosoka masuti azitola mabatani ngati mwana wa mkaka? Ine ndilipo, Amayi. Musamavutike."

Chitinicho sichinatsikenso.

Lamlungu lililonse achemwali ake a Mzime, oyamba kubadwa, ankaimba foni kuchokera kutawuni yakutali kumene ankagwira ntchito. Tsiku lina anati foni ayiike patebulo kuti onse amve.

"Amayi, tisanamizane," anatero achemwaliwo. "Mzime sangakhale namwino moyo wake wonse. Ine tchuthi ndidzatenga kumapeto kwa chaka. Ndikadzapeza kuti simutha kuvala nokha ndi kukhala nokha masana, ndidzakutengani. Chipinda chilipo kuno. Nyumbayo tidzaikamo anthu, ndipo mnyamatayo abwerere kusukulu."

"Makina anga?" anafunsa amayi.

"Makina tidzasungitsa. Panopa mukusokera chiyani?"

Foni itaduka, amayi anaunguza m'nyumbamo. Maso awo anayenda pachitseko, pamafelemu a mawindo, pashelefu ya mbale, patebulo lomwe anatsamirapo.

"Zonsezi anapala ndi bambo ako," anatero. "Chitseko icho chimalira chifukwa ndinawafulumizitsa. Ndikachoka muno, ndiye kuti amwalira kachiwiri."

"Simupita kulikonse," anayankha Mzime. "Ndikusamalani mpaka achemwali achite manyazi."

M'mawa mwake anawamanga mabatani mwachangu kuposa masiku onse.

3. Amalume

Amalume, achimwene awo a amayi, anafika Lachisanu lina m'mawa osanena. Moyo wawo wonse anali akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, mpaka maso atawapumitsa. Tsopano ankayenda pansi ngati wina aliyense, koma pokhota pakona ankatambasulabe mkono.

"Odi kuno! A Pulofesa alipo?"

"Lowani, Malume. Upulofesawo unathera panjira."

Anawapeza amayi atakhala pampando, chibwano chili m'mwamba, Mzime akuwamanga mabatani. Amalume anakhala pansi n'kumaonerera. Anaona nsapato zikuvekedwa. Anaona tiyi akutakasidwa. Ataona kapu ikupita pamilomo ya amayi ndi dzanja la Mzime, anatsokomola.

"Mlongo, kodi dzanja lamanzerelo nalonso linadwala?"

"Ayi, achimwene. Koma bwanayu salola."

"Nanga kumeza amakumezeraninso?"

Amayi anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. Mzime sanaseke.

"Mphwanga, tandiperekeza pakhonde," anatero amalume.

Atatuluka, anamulozera benchi.

"Khala apo undimvere. Ine ndaphunzitsa anthu galimoto mpaka imvi izi. Ukudziwa chovuta pampando wa mphunzitsi? Si kulankhula ayi. Ndi manja. Wophunzira akulunjika kungalande, mtima wako uli m'mwamba, manja akuyabwa kuti ulande chiwongolero. Ukalanda, galimoto wayipulumutsa, koma dalaivala wamupha. Panali mnzanga wina pantchito, munthu wachifundo kwabasi. Wophunzira akangonjenjemera, iye n'kugwira chiwongolero. Ankamukonda, mphatso zinkachita kusefukira. Koma tsiku la mayeso ophunzira ake ankangocheukira kumbali kufunafuna dzanja lake, dzanjalo kulibe. Ine ankandida. Ndinkaika manja pamawondo, phazi pafupi ndi buleki, basi. Lero akandiona pamsewu amaima n'kundikweza. Akuluakulu anati chisoni chinapha nkhwali. Koma chisoni chakochi sichikupha iwe. Chikupha dzanja la mlongo wanga."

Mzime anaimirira.

"Inu mwabwera lero. Analira muno inu kulibe. Bambo anandiuza ndi pakamwa pawo kuti amayi asadzavutike ine ndilipo!"

"Khala pansi," anatero amalume motsitsa mawu. "Alamu anga ndinawadziwa iwe usanabadwe, ndipo ndikuwalira ngati iwe. Tandiuza, anakuphunzitsa kukhoma msomali ndani?"

"Bambo."

"Utadzimenya chala, anatani?"

Mzime anayang'ana pansi.

"Anandimanga kansalu."

"Kenako?"

"Anandibwezera nyundo."

Amalume anagwedeza mutu. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, ndipo maso awo anali ofiira.

"China ndi ichi," anapitiriza. "Iwe ukayang'ana amayi ako ukuona phiri: avale okha, aphike okha, asoke. Phiri loterolo likukuopsa, ndiye wasankha kuwabereka kumsana. Wophunzira aliyense tsiku loyamba amafunsa za laisensi. Ndimamuuza kuti laisensi iwala kaye. Sabata ino ntchito yako ndi imodzi: kusuntha ndi kuima. Ukaidziwa, sabata yamawa tidzakhota. Kubwerera m'mbuyo n'kwa mtsogolo. Ndipo uzibwera tsiku lililonse, nthawi yomweyo, kaya wakondwa kaya wakwiya. Amene amabwera Loweruka lokha n'kuyendetsa mpaka dzuwa kulowa amaposedwa ndi amene amabwera kanthawi kochepa m'mawa uliwonse. Thupi limaphunzira ngati mwana: pang'ono, koma kawirikawiri. Kuthamanga si kufika, mphwanga, koma kukhala pansi ndiye si kufika n'komwe."

Anavalanso magalasi.

"Chomaliza chikuwawa, koma ndine malume wako. Nawenso wabisala kuseri kwa bulauzi ya amayi ako. Ku koleji kuli basi ija, kuli kalasi ija inalirira foni. Ukuopa. Palibe mlandu. Koma usasandutse dzanja la munthu kukhala pobisala pako."

Mzime anaphimba nkhope ndi zikhatho, ndipo amalume anamusiya alire.

4. Chitini chitsika

Atabwerera m'nyumba, anapeza amayi atakokera mpando pafupi ndi windo la pakhonde.

"Sitiroko inandigwira dzanja, osati makutu," anatero. "Mzime, tsitsa chitini."

Mzime anakwera pampando n'kuchitsitsa. Chinali ndi fumbi. Amayi anakhuthulira mabatani patebulo n'kuyamba kusankha ndi dzanja lamanzere. Nkhope yawo inasintha. Anali atelala kachiwiri.

Anasankha batani lalikulu la chikhoti, lina lapakati la juzi, ndi kakang'ono ka bulauzi. Anawandandalika patebulo.

"Achimwene, za magiya mukudziwa ndinu, koma mabatani ndi anga," anatero. "Tiyamba ndi chimphonachi. Tichisokera pakansalu, kansaluko kakhale patebulo pomwe ndikuona bwino. Chikamalowa m'mawa uliwonse osandizunza, tipita pa lapakati. Kenako kakang'onoka. Zikatha za patebulo tidzayesa pathupi, chifukwa pachifuwa munthu umamanga osaona. Bulauzi yonse ndi yomalizira. Chaka chikamatha, mwana wanga wa kutawuni uja adzandipeza nditavala ndekha, ndi mpango womwe."

"Mwaiwala nthawi," anatero amalume.

"Ndikangosamba, tiyi asanabwere. Tiyi ndiye akhale malipiro."

"Ine ndizibwera Lachisanu lililonse kudzayesa mayeso. Ndine wouma mtima, ziphuphu sindilandira."

"Ngakhale buledi?"

"Buledi tikambirana."

Kusoka kansaluko kunagwera Mzime. Amayi anamuuza adule nsalu yolimba, aipinde, aboole kabowo n'kukasokerera m'mphepete. Iye anadula ulusi wotalika kuposa mkono wake.

"Ulusi wonsewo ukufuna kukawedza nsomba?" anafunsa amayi. "Udule pakati. Achimwene, taonani mwana wa telala kagwiridwe ka singano, ngati akufuna kubaya nayo mbuzi."

Mzime anadzibaya chala, anachiyamwa, anapitiriza. Batani linakhala mopendekeka, koma linalimba.

Amalume atatsanzika, amayi anamugwira Mzime pamkono.

"Mvera, mwana wanga. Mawa ndikhoza kulira. Usandimvere. Ndikhoza kukunyoza. Usandimvere. Ndikakupempha, ugwire m'mphepete mwa nsalu kuti isathawe. Koma batani ndi langa. Ukalikhudza, wandikweza wekha galimoto ya achemwali ako."

"Ndamva, Amayi."

"Kumva n'kosavuta. Tionana mawa."

5. Batani la chikhoti

Kutacha, mayi oyandikana nawo atapita, amayi anakhala patebulo, kansalu kali patsogolo pawo. Ketulo inali pamoto. Mzime anakoka mpando, anakhala moyang'anizana nawo, n'kuika manja pamawondo.

Amayi ananyamula dzanja lodwala ndi linzake n'kuliika pansalu, ngati mlendo wamanyazi amene akuchita kumukokera patebulo. Chala chachikulu chinakhudza m'mphepete mwa batani. Chinzake chinachedwa kubwera. Chitafika, batani linaterereka.

Anayambanso. Linatererekanso. Ketulo inawira, Mzime anakaiphula n'kubwerera pampando wake.

"Gwira nsalu."

Anagwira m'mphepete.

Thukuta linayamba kutsika pachipumi pa amayi. Phewa lonse linkakwera m'mwamba kuti lithandize zala, koma zala zinkangopalasa pambali pa batani. Ulendo wina batani linafika pakamwa pa kabowo, linasuzumira, n'kubwerera.

"Ingolilowetsa," anatero amayi. "Lero lokha. Tiyambe mawa."

"Munati ndisakumvereni."

"Zimenezo ndinanena dzulo. Lero ndikunena zina. Ndine mayi ako ine!"

Mzime anangogwiritsa nsaluyo.

"Ukundionerera ngati kanema? Bambo ako akanakhalapo, sakanandichititsa manyazi chonchi."

Mawu amenewo anamulasa. Dzanja lake linachoka pansalu lokha n'kulunjika pabatani. Inali ntchito ya kamphindi chabe, ntchito yomwe ankaigwira m'mawa uliwonse osayang'ana n'komwe.

Dzanja lake lili m'malere, anaona la amayi. Zala zinali zitawonda. Pachala chachikulu, pamene kale panali pokhakhala chifukwa cha sizasi, tsopano panali posalala ngati pa khanda. Miyezi yonse ija dzanjalo silinagwirepo ngakhale supuni.

Mzime anabweza dzanja lake. Pamawondo anaona kuti silikhazikika, ndiye manja onse awiri anawakhalira.

"Pepani, Amayi," anatero. "Batani ndi lanu."

Amayi anamuyang'ana, misozi ikutsika. Yake nayonso inkatsika, ndipo analibe dzanja lopukutira. Anakhala choncho awiriwo, patebulo lomwe anapala bambo, mpaka amayi anaweramanso n'kuyesa.

Tsiku limenelo batani silinalowe. Amayi anakankha kansaluko n'kunena kuti, "Kwa lero basi." Mzime anawamanga mabatani a bulauzi monga mwa masiku onse, chifukwa nthawi ya bulauzi inali isanakwane. Koma kapu anaiika pafupi ndi dzanja lamanzere n'kuisiya pomwepo. Amayi anainyamula okha. Sanamulankhule mpaka masana.

Masanawo, akudutsa pafupi ndi mpando wawo, anamva mawu.

"Munthu wodwala wam'mwetsa tiyi wozizira. Mawa ketulo uziika pamoto ndikamaliza, osati ndikamayamba."

"Chabwino, Amayi."

Mawa lake anakhalanso patebulo, ndi mkuja lomwe. Panali m'mawa wina pamene amayi anadzuka mutu ukuwawa, wina Mzime ndiye anadzuka ndi ulesi, koma akangosamba kansalu kankabwera patebulo. Pang'ono ndi pang'ono panalibenso wofunsa mnzake ngati lero achita kapena ayi. Zinakhala ngati kutsegula makatani.

Chovuta chinali maso a Mzime. Ankatsatira chala chilichonse, akupuma pamodzi ndi amayi ake.

"Maso akowo akundisokoneza," anatero amayi tsiku lina. "Ukuchita ngati mphaka woonerera nyama ikukazingidwa. Pezako chogwira."

Mzime anayang'ana uku ndi uku. Pakona panali katoni ija, yomata chimatire. Anaing'amba, anatulutsa buku lomwe linali pamwamba, n'kuligwira ndi manja onse awiri kuti asayabwe. Tsiku loyamba ankangoyang'ana zilembo. Lotsatira anawerenga tsamba lonse. Kenako anapinda kakona kumapeto kwa mutu woyamba n'kuwauza amayi kuti afikapo Lachisanu lisanakwane.

"Ndiye mayeso akhala a anthu awiri," anatero amayi.

Lachisanu amalume anabwera. Batani silinalowe pamaso pawo. Koma anawerama n'kuyang'anitsitsa zala.

"Chachikuluchi sabata yatha chimapinda chonchi?"

"Ayi," anatero Mzime.

"Ndiye galimoto yasuntha. Mwakhoza nonse. Buledi ali kuti?"

M'sabata yotsatira, m'mawa wina wa mitambo, Mzime anali atamira m'buku moti anaiwala kuti pali wina patebulo.

"Iwe," anaitana amayi.

"Mm?"

"Iwe, tadzutsa mutuwo."

Anadzutsa mutu. Batani la chikhoti linali litatulukira mbali ina ya kabowo, lili phee pansalu ngati linabadwira pomwepo. Dzanja la amayi linali pambali pake.

Mzime anatseka buku n'kuweramira pansalupo. Amayi anayamba kuseka ndi pakamwa pawo popindikapo, kuseka komwe m'nyumbamo kunali kusanamvekenso chimwalirire bambo.

"Usasangalale kwambiri," anatero akupukuta maso ndi mkono. "Kulowa lalowa. Nanga kulimasula alimasula ndani?"

"Malume anati kubwerera m'mbuyo n'kwa mtsogolo."

"Ika ketulo pamoto, Pulofesa. Lero shuga uthire wambiri."

6. Foni ya Lamlungu

Mwezi wa Julayi unali utapitirira pakati. Batani la chikhoti linali litayamba kulowa m'mawa uliwonse, ngakhale masiku ena linkayamba lavuta. Lapakati linali lisanasokedwe.

Lamlungu masana foni inalira. Amayi anali akuwodzera pampando, choncho Mzime anatuluka nayo pakhonde.

"Uli wekha?" anafunsa achemwali ake.

"Eya. Achemwali, ndili ndi nkhani yabwino. Amayi akumanga batani okha!"

"Zoona? Akuvala okha?"

Mzime anazengereza. Bodza linali pafupi, ndipo likanawagulira miyezi. Koma analimeza.

"Ayi. Ndi batani limodzi, lalikulu. Tinalisokera pakansalu, amamanga lili patebulo."



"Batani limodzi, Mzime? La patebulo?"

"Mwezi watha zala sizinkapinda n'komwe. Tili ndi dongosolo, achemwali. Likatha ili tipita pa lapakati, kenako laling'ono, kenako pathupi. Chaka chikamatha mudzawapeza..."

"N'zimene ndakuimbira," anamudula. Mawu awo sanali aukali, anali otopa. "Kuntchito asintha. Tchuthi cha kumapeto kwa chaka achipereka kwa wina. Ine andipatsa chapafupi, ndipo ndikachikana ndiye kuti chaka chino ndilibe. Galimoto ndapeza kale. Chipinda ndapakitsa penti."

"Koma munati kumapeto kwa chaka!"

"Ndikudziwa zimene ndinanena. Nanenso ndi mayi anga, Mzime. Sindigona kuno. Ndikakumva mawu ako ndimamva ngati ndikulankhula ndi nkhalamba, chonsecho ndiwe mwana. Mawu anga sindisintha: akadzamanga bulauzi okha ine ndikuona, ndidzabwerera ndekha, ndipo ndidzavina panjira. Apo ayi, tidzanyamuka."

Anamuuza tsiku lomwe adzafike, n'kutsanzika.

Mzime anakhala pabenchi kanthawi, foni ili m'manja. Atalowa, anapeza amayi ali maso.

"Nkhope imeneyo si ya moni," anatero. "Nena."

Anawafotokozera zonse, osachotsapo kapena kuwonjezera. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire. Anayang'ana bulauzi yomwe anavala, timabatani take ting'onoting'ono tondandalika kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Kenako anayang'ana dzanja lawo, n'kupinda chala chachikulu, n'kuchiwongola.

"Ndiye kuti tiyi tizimwa kawiri," anatero. "M'mawa ndi madzulo. Lapakati lija ulisoke lero, pambali pa chimphonacho. Achimwene ukawauze kuti mayeso awonjezere Lachiwiri. Ndipo iwe buku lako usaliike pansi, chifukwa ndikapambana ine, wotsatira ndiwe."

Mzime anatenga chitini, singano ndi ulusi. Anadula ulusi waufupi, anaunyowetsa ndi malovu, n'kuulowetsa pasingano. Amayi anakokera mpando wawo patebulo, ananyamula dzanja lodwala n'kuliika pansalu.

"Wati afika tsiku lanji?"

"Pa 9 Ogasiti."